Dzanja la apongozi

Ntchito yanga inali ya mulaibulale, koma mabuku ndinkawasenza kwambiri kuposa kuwalondera. Kawiri pamlungu ndinkakwera minibasi, katoni ya mabuku ili pamiyendo, kupita kukomboni ya Kanyama, kukaholo ka tchalitchi china. Kumeneko ndinkawerengera amayi amasiye nkhani zoti mtima ukhaleko pansi, tikatero n'kukambirana. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye ndinayambanso kuwaphunzitsa zilembo.

Ndinkadzitama kuti palibe munthu amene angandikanike. Kenaka tsiku lina pabenchi lakumbuyo ndinapeza pakhala apongozi anga, amayi a mkazi wanga.

Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo mwambo anausunga wonse. Chikwatirire mwana wawo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, wina ankapatuka. Amuna awo atamwalira, tulo tinawathawa. Mkazi wanga anandiuza kuti ankangofukata buku la nyimbo la malemuwo, kufuna kudziwerengera okha pamasamba pomwe bambowo anapinda. Zoti akubwera kwa ine, zimenezo mkazi wangayo anandibisira.

Munthu wamkulu zala zimakhala zitauma, ndiye umamugwira dzanja n'kuyendetsa naye pensulo. Ena onse ndinkawagwira. Ndikafika pa apongozi ndinkayang'ana kudenga n'kudumpha. Amayi achibemba a m'kalasimo anaona, n'kumandiseka kuti aphunzitsi akuthawa benchi ngati pali linthumbu. Ndinkachita manyazi mpaka thukuta kumsana. Anzawo anafika polemba mayina awo, iwo akujambulabe timizere tokhotakhota. Ndikafika kunyumba ndinkakalipira mkazi wanga kuti wandichititsa manyazi pantchito, iye n'kungoyankha kuti amayi sanadandaulepo.

Dzinja litafika, Kanyama anasefukira monga mwa chaka chilichonse. Tsiku limenelo kunabwera anthu ochepa. Apongozi analowa chitenje chikuchucha madzi, nsapato zili m'manja. Ndinayamba kuzungulira mabenchi, ndipo ndinawadumphanso. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva mawu amene anali asanandilankhulepo mwachindunji.

"Ba ticha, nayenda mu manzi kuchoka ku nyumba. Ngati ni dzanja langa muyopa, onani, nalibisa."

Ndinacheuka. Anali atakulunga dzanja lonse ndi nsonga ya chitenje chonyowacho, pensulo yokha ikuoneka, nkhope ataloza kukhoma. Ngakhale ondiseka aja anawerama. Kuwaimirira pamutu sindikanatha, choncho ndinagwada n'kugwira. Dzanjalo linali lozizira. Miyezi yonseyo ndinkayesa manyazi ndi anga ndekha, osadziwa kuti iwo ankanyamuka nawo kunyumba n'kubwerabe.

Tinalemba chilembo chimodzi chopotoka, pepala n'kunyowa. Ndinafuna kuchotsa dzanja, koma iwo, akuyang'anabe kukhoma, anati, "Tiyeni futi, tilembe china."