Mwana amene anathyola fodya kunsonga

Mukafika ku Simlemba n'kufunsa za Tobias, anthu ayamba aseka kaye asanakulozereni nyumba yake. Munthuyo si wanthabwala ayi. Chimene amasekacho chinachitika ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, ankalima fodya pa esiteti ina ku Lisasadzi. Chaka china kunabwera anthu a m'tauni ndi makamera, akufuna mwana woti asewere mufilimu yoletsa kugwiritsa ana ntchito m'minda. Anasankha Tobias chifukwa cha maso ake akuluakulu. Koma atalowa m'munda panavuta. Fodya amathyola kuyambira masamba a m'munsi, ndipo mwanayo akawerama nkhope sinkaoneka. Mkulu wa kamera sanavutike n'kuganiza. Anangoti mwanayo aimirire azithyola a kunsonga, anthete, osakhwima. Bambo a mwanayo anayesa kulankhulapo, koma ndani akanamvera tenanti?

Filimuyo inazungulira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Akuti kutauni anthu ankapukuta misozi poona kamwana kakulira m'munda. Kuno kwathu anthu ankagwira nthiti. Mwana wa mlimi kuthyola fodya kunsonga! Dzina loti Wakunsonga linamumatirira pompo.

Atakula anayesa zambiri. Anakhalapo womasulira mafilimu m'kanyumba ka vidiyo, mpaka mwini wake anamuchotsa chifukwa ankawonjezera zake, asilikali a kunja n'kumakambirana za mtengo wa feteleza. Anapalasa kabaza zaka zitatu. Ananyamulapo zikwama za alendo ku hotela ya ku Lifupa, komwe anaphunzira kumwetulira ngakhale msana ukuwawa. Koma mtima wake unali pa chinthu chimodzi, munda wakewake. Mwana wa tenanti amakula akulima nthaka ya eni, ndipo kwawo ku Phalombe malo anali atatha kale kugawana.

Kenaka anakwatira Lefina wa ku Simlemba, n'kubereka mwana dzina lake Thoko. Apongozi ake, a Frazer, anali ndi tsala lalikulu ndithu, koma zaka zinayi zinadutsa osatchulako za munda. Tobias zinkamupweteka kwambiri. Ankadziwa kuti mkuluyo anaionera filimu ija katatu, ndipo nthawi zina ankamupeza akumuyang'anitsitsa ngati mbuzi yokayikitsa pamsika.

Tsiku lina m'mawa, mu Febuluwale, a Frazer anamuitana kumunda kwawo. Anaima pamzere wa fodya n'kunena kuti, "Bambo a Thoko, tathyolani tione."

Tobias anawerama. Anathyola masamba awiri a m'munsi amene anali atayamba chikasu, n'kupita pa mtengo wina, wina, mpaka mzere kutha.

Mkuluyo sanayang'ane n'komwe masambawo. "Zoti mumatha ndinaziona kalekale," anatero. "Changa n'china. Chandisautsa zaka makumi awiri, ndipo ndimachita manyazi kukufunsani. Misozi ija, anakupakani anyezi kapena?"

Tobias anaseka pang'ono, kenaka kuseka kunathawa. Palibe anali atamufunsapo zimenezo. Onse ankangofunsa za nsonga.

"Ayi, apongozi. Mzere umene anandiimikamo unali wa abambo anga. Iwo anali ataima kumbuyo kwa kamera, chipewa chili m'manja. Tsamba lililonse limene ndinkathyola ndinkadziwa kuti ndikuwononga thukuta lawo, iwo akuona, osatha kundiletsa. Anthu aja anabwereza kasanu ndi kawiri. Ankati ndine katswiri wolira."

A Frazer anafikisa dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndiye ife tinkaseka," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinaseka mpaka kugwa pa benchi."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kutsala kuja, Tobias akutsatira osadziwa kuti nkhani yatha kapena ayi. Atafika pa mtengo wa msuku mkuluyo anaima, n'kuloza ndi ndodo.

"Kuyambira apa mpaka kudambo uko. Mukawauze abambo anu abwere adzaone pamene mwana wawo azilima."

Tobias anayang'ana nthakayo, yofiira, yodzala ndi tsekera. Mkuluyo anali ataiwala chinthu chimodzi. Bambo a Tobias anali atamwalira chaka chapitacho, ali tenanti pa esiteti ya munthu wina.