Utsi wa Okutobala Sindiuchotsa

Lachitatu, pa 8 Okutobala. Belu lowerukira litalira, ndinatsalira m'chipinda cha makompyuta kusukulu kwathu, ndikutsitsa ndege pa kabwalo kafumbi pakati pa minda ya tirigu.

Ndege yake si yeniyeni ayi. Ndi gemu ya pakompyuta imene imakukhazika pampando wa woyendetsa ndege, n'kumaona dziko monga amalionera iye. Yeniyeni sindinakwerepo. Ngakhale ku Harare ndinafikako kawiri kokha, pa kombi, minibasi ya kuno.

Tili ndi kalabu ya gemu imeneyi, ndipo amatiyang'anira ndi a Chikomo, aphunzitsi athu a sayansi. Loweruka likubwerali ndi tsiku lopereka mphoto, ndiye anati aliyense ajambule kavidiyo ka mphindi imodzi ndege yake ikutera, kuti makolo adzaonere pakhoma la holo.

M'gemumo nthawi ndi nyengo umasankha wekha. Anzanga onse anasankha masana, thambo la buluu, minda yobiriwira ngati kwagwa mvula dzulo. Ine ndinasankha mwezi uno, faifi koloko madzulo, ndege itayang'ana kolowera dzuwa. Ndinathira utsi mpaka mapiri a ku Mazowe anazimirira. Ndinapezanso kabatani kochititsa kuti dzuwa lizithobwa m'maso. Kanali kozimitsa pa makompyuta onse. Ndinakayatsa.

Thambo linatuwa ngati phulusa. Galasi la ndege linadzaza kuwala kwachikasu, bwalo osaoneka mpaka nditalifika pafupi. Ndinatera mokhota, tayala limodzi m'udzu. Koma ndinakondwa, chifukwa kanali koyamba kuona kwathu m'gemu imeneyo.

Rudo, mnzanga amene timakhala desiki imodzi, anasuzumira nayankhula mosakaniza ndi Chishona.

"Malita, kompyuta yako yadwala here? Ipukute, shamwari."

A Chikomo anabwera, naonera mpaka kumapeto manja ali kumbuyo.

"Mwanangu, makolo adzaona chiyani apa? Chotsa utsiwo, uwonjezere kuwala, zioneke bwino ngati za anzako. Ukapanda kukonza pofika Lachisanu, yako sitidzaonetsa."

Ndinati, "Chabwino, sa."

Amene mumawerenga tsamba langali sabata ndi sabata mukundidziwa. Pakamwa panga pamatuluka "chabwino" yekha. Mawu enawo amadikira mpaka nditagwira cholembera.

Pobwerera ku komboni, kumene timakhala mabanja a antchito a pafamu, ndinadutsa m'mbali mwa munda umene anakolola sabata yatha. Mapesi anali akufukabe. Kuphiri moto unkayenda m'udzu. Dzuwa linali lofiira, lozungulira bwino, kumunsi kwake kuli chiutsi chowala choti sungaone ngakhale mitengo ya bulugamu ya kumalire a famu. Tonse timadziwa zimenezi. Yunifolomu ukaiyanika panja mwezi uno imanunkha utsi. Nanga bodza langa lili pati?

Ndinapeza ababa atakhala pakhonde akumata chubu cha njinga. Masiku ano amayang'anira mapaipi othirira, koma ali mnyamata ankagwira mbendera. Achinyamata ambiri ntchito imeneyi simuidziwa. Kale ndege yopopera mankhwala inalibe makina oilondolera. Munthu ankaima kumapeto kwa munda ndi mbendera pa nsungwi yaitali, woyendetsa n'kumalunjika pa iye, ndege ili m'munsi kwambiri. Ikayandikira, munthuyo ankasuntha mapazi owerengeka n'kuimanso pa mzere wotsatira. Tsiku lonse choncho, mpaka munda utatha.

Ndinawaonetsa kavidiyo kaja pa foni ya amayi, kumene ndinakatumiza ndili kusukulu. Anayang'ana nthawi yaitali, guluu akuuma pa chala.

"Wayendetsa ndiwe?"

"Ndine, ababa."

"Ukanapha munthu." Anaseka. "Koma dzuwalo ndi lomwelo. Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndimaliona popita kunyumba. Koma aphunzitsi akuti ndichotse, sizikuoneka bwino."

"Sizikuoneka, eya. Ndiye kuti walondola." Anaika chubu pansi. "Tamvera. Tsiku langa loyamba, amalume ako a Jailosi anandiuza chinthu chimodzi chokha. Anati, usamayang'ane ndege, uziyang'ana mthunzi wako. Ukaona mthunzi wako waloza kumene ndege ikuchokera, dzuwa lili kumsana kwako, ndiye kuti lili m'maso mwa woyendetsayo. Iwe ukumuona bwinobwino, mpaka chipewa chake. Iye sakukuona. Gwedeza mbendera mmene ungathere, kwa iye palibe munthu. Pamenepo usadikire kuti afike, choka msanga."

"Inu munachedwapo?"

"Kamodzi. Kunali utsi ngati uno. Ndinagona chafufumimba m'tirigu, nsungwi inaduka pakati. Madzulo woyendetsayo anabwera kudzandigwira dzanja. Anati sanaone kanthu, kuwala kokhakokha."

Amayi anayankhira m'nyumba. "Mwayambanso ya nsungwi ija? Mwanayo muuzeninso kuti munathawa osavala nsapato imodzi."

"Inali yothina kale," anatero ababa, natolanso chubu chawo.

Amayi ankaidziwa, koma ine nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nawo m'nyumba imodzi, osadziwa kuti anaphunzira kuwerenga kuwala ndi thupi lawo, pamalo pamene kulakwitsa kunalibe kubwereza.

Tsono ndikufunseni, owerenga. Chinthu chikamatchedwa chenicheni, n'chenicheni kwa yani?

Amene anapanga gemuyi anadziwa kuti dzuwa limathobwa. Anaikamo kabatani kake. Anaikamonso utsi. Amene tinazimitsa ndife. Tinazimitsa chifukwa thambo la buluu limakoma pakhoma, ndipo kutera kumaphweka ukamaona zonse. Rudo akuti ndi gemu chabe, ndisavutike. Koma a Chikomo omwewo amatiuza Lachitatu lililonse kuti iyi si gemu wamba, ena amayambira pomwepa n'kudzakhala oyendetsa ndege. Ngati zili choncho, tikuphunzira kuuluka m'dziko liti? Dziko limene dzuwa limangowala mwaulemu, osalowa munthu m'maso? Kumapeto kwa munda wa dziko limenelo sikuima munthu.

Ndipo khalidweli silili m'gemu mokha.

Mwezi watha mlongo wanga anajambula amayi pa foni kuti titumizire abale a ku Dedza. Asanatumize anadina apa, anadina apo, mpaka amayi anayera ngati akhala chaka m'chipatala. Mizere ya pachipumi inachoka. Azakhali anayankha kuti, koma mukudya bwino ku Zimbabweko. Amayi anaseka, koma ndinawaona akuyang'ananso chithunzicho kawiri, ngati akufunafuna munthu.

Timatero ndi nkhope, timatero ndi nyumba. Mlendo akafuna kujambula komboni timamuimika kumene kuli maluwa. Tazolowera kuganiza kuti kwathu kuyenera kutsukidwa kaye kuti kuonetsedwe. Anatiuza ndani? Ndipo tikatsukatsuka, otsala pachithunzipo amakhala ndani?

Musandimve molakwa, utsi sindiukonda. Umatsokomoletsa ana, ndipo moto umene umaubweretsa umatha msipu. Ndikanakonda Okutobala wopanda utsi. Koma kuuchotsa pa sikirini sikuzimitsa moto wa kuphiri. Kumangotiphunzitsa kuti zimene maso athu amaona tsiku ndi tsiku n'zolakwika, zolondola ndi za kwina.

A Chikomo si munthu woipa. Makompyuta amenewa anali atafa, anawadzutsa ndi iwo, Loweruka lawo lomwe. Ndi iwonso anandilowetsa m'kalabu pamene ndinkangoima pakhomo masabata atatu osalankhula. Akufuna makolo adzasangalale, adzaone kuti ana a pafamu nawonso amatha. Ndikumvetsa. N'chifukwa chake kuwakana kukundivuta.

Komatu makolo amene adzakhale m'holomo ndi ati? Ndi amene amathirira tirigu, amene amathyola malalanje, amene amayenda m'utsi womwewu m'mawa ndi madzulo. Mukuganiza kuti sadzazindikira thambo lawo? A Chikomo anafunsa kuti makolo adzaona chiyani. Ababa anaona, ndipo anaona zambiri kuposa ine amene ndinajambula.

Ndikudziwa chimene ndingataye. Mwina Loweruka mavidiyo a anzanga adzadutsa pakhoma, wanga osaoneka, dzina langa osatchulidwa. Ababa anapempha kale kwa kapitawo kuti tsiku limenelo asagwire ntchito, ndipo jekete lawo amayi analichapa. Ndikaganiza zoti adzakhale pabenchi kudikira chinthu chimene sichibwera, ndimafuna kungodina kabatani kaja, zithe. N'kosavuta. Sekondi imodzi, dzuwa lakhala laulemu.

Sindidina.

Mawa ndilawirira, ndikafike asanalize belu la pamzere. Ndikagogoda ku ofesi ya aphunzitsi, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire Fomu 1. Mawu ndawalemba kale pa kapepala, kuopa kuti pakamwa pangatulukenso "chabwino" yekha. Ndikawauza a Chikomo kuti vidiyo yanga ikhala mmene ilili, ndipo akaichotsa sindidzadandaula. Ndikawapempha chinthu chimodzi chokha asanagamule: kuti faifi koloko ikakwana atuluke nane kubwalo la mpira, ayang'ane kolowera dzuwa, ine ndikaime kugolo lakumadzulo nditakweza mpango wanga, andiuze ngati akundiona.