Tsiku Limene Ophunzila a Wilbroad Anabisa Makina

Muphwa wanga Wilbroad, mwana wa mlongo wanga Helen, anabadwila ku Kabwata chaka chimene mvula inagwa mpaka achule anayamba kukwela minibasi. Anatuluka atatsinzina diso limodzi, ndipo ine ndinauza amake pomwepo kuti mwanayu adzakhala wowotchelela zitsulo, wayamba kale kuzemba moto. Amake anandigenda ndi thewela. Koma ndani ananama?

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Wilbroad anaphunzitsa weludingi pa kasukulu ka luso ku Chelstone, kuseli kwa msika. Kalasi yake inali chipinda chimodzi cha malata, makina anayi owotchelela, ndi benchi lalitali lachitsulo. Achinyamata amene sukulu zina zinawataya ankabwela kumeneko miyezi isanu ndi umodzi, boma n'kumawalipilila. Iye ndi munthu wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo ku Reformed, wa maso ofiila ngati chidakwa, chonsecho ngakhale maheu amayamba wafunsa ngati sanasase. Malaya ake onse anabooka ndi mbaliwali za moto. Mkazi wake akawayanika, dzuwa limadutsamo ngati ufa pa sefa.

Ophunzila ake ali Lusaka yense. Mageti aja a ku Kabulonga, otalika kuposa tchalitchi, amene ngakhale mngelo amayamba waliza belu, ambili ndi manja a ana ake. Zitsulo za m'mawindo ku Woodlands, mbaula za pa msika, mabedi a m'nyumba za lendi ku Avondale. Ndikanena kuti ana a Wilbroad atatenga zitsulo zawo tsiku limodzi theka la tauni lingagwe chagada, ndachepetsako.

Mwezi wa Epulo kunabwela kalata. Ofesi imene imalipilila ophunzila inafuna kudziwa ngati maphunzilowo akubala kanthu. Lamulo linali lalifupi: pa omaliza khumi alionse, asanu ndi mmodzi akhale akugwila nchito ya luso lawolo, kaya yolembedwa kaya yawoyawo. Kalasi yopelewela pamenepo idzatsekedwa. Wilbroad anaseka. Ndinamva ine ndekha, ndipo aka kanali kachitatu m'moyo wake wonse.

"Amalume, apa palibe nkhani," anatelo. "Ana anga onse asebenza, ali pa nchito."

A ku ofesi anaimbila mafoni ophunzila makumi anayi. Amene anavomela kuti ali ndi nchito anali asanu ndi awili.

Sabata lotsatila, atatuluka m'tchalitchi, anabwela kwanga ku Kabwata asanavule n'komwe jekete. Anakhala pa mpando osapempha ndi madzi omwe.

"Amalume, nanga Katongo? Katongo ali na anyamata atatu omusebenzela. Anagula na motoka. Akuti anauza a boma kuti alibe nchito!"

"Iwe Wilbroad," ndinatelo ine, "unabadwila muno mu Lusaka kapena unagwa mu ndeke? Munthu wa boma akakufunsa kuti ukhala bwanji, pali zinthu ziwili chabe. Afuna kukupatsa, kapena afuna kukulanda. Ngati ni kupatsa, wosauka ndiye alandila. Ngati ni kulanda, wosauka ndiye apulumuka. Yankho ni imodzi: tivutika."

Sindinapeke ine nzelu imeneyi. Tinayamwa ku bele. Pano pa mzele wathu pali amayi ena amene kalembela wina atawafunsa anayankha kuti, "Tiliko bwino, Mulungu atisunga." Anzawo onse analandila matumba a ufa, iwo analandila moni. Papita zaka khumi, ana awo sanawakhululukilebe.

Ndinamuuza kuti atenge foni, aimbile mwana aliyense, amuuze zoti anene. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti tikabe mbale ya chopeleka.

"Sinipatsa mwana yankho ya mayeso, amalume. Choonadi chizaonekela cheka."

M'malo mwake anapita ku ofesi kuja ku tauni, nakhala pa benchi masiku atatu, mpaka mayi wina woyendela masukulu, dzina lake Regina, anamumvela chisoni. Anavomela kupatula tsiku limodzi kuti akaone ndi maso ophunzila atatu, aliyense amene Wilbroad angasankhe. Atatuwo akapezeka pa nchito, mafoni onse aja adzaimbidwanso. Galimoto ya ofesi inalibe mafuta, choncho anabweleka ine ndi kagalimoto kanga, kamene kamayaka ukakatchula dzina la agogo ake.

Chimene sindinadziwe n'chakuti Wilbroad anali ataimbila atatu aja. Sanawauze yankho, ayi, munthu wa Mulungu. Anangoti: "Pa Chinayi tibwela na a boma. Konzekani."

Anakonzeka.

Tinayambila kwa Katongo, m'mbali mwa msewu wopita ku Woodlands. Masiku onse pamalo pamenepo pamakhala phokoso loti mbalame zimadutsa zitatseka makutu. Mageti amatsamila khoma mzele wonse. Tsiku limenelo tinapeza bwalo losesedwa bwino ngati pa manda a bishopu. Panali mpando umodzi wa miyendo itatu, ndipo Katongo mwini, munthu wa mimba yake yabwino, anakhalapo atavala sikipa yong'ambika imene inalekela pa mchombo.

"Muli shani ba ticha," anapeleka moni ndi mawu a munthu amene wagona ndi njala kuyambila Khisimasi.

Regina anatulutsa kachipangizo kafulati kolembapo ndi chala, kamene amati tabuleti. Ndi mayi waulemu, wa nsapato zafulati ndi botolo la madzi, ndipo ankaoneka kuti anatopa kale chaka chisanayambe.

"Ba Katongo, mwezi wathawu munagwilako nchito ya weludingi?"

"Awe mwandi, ba madamu. Vinthu vavuta. Tingonkhala chabe so."

"Katongo!" anatelo Wilbroad. "Mashini ili kuti?"

"Mashini iti, ba ticha?"

"Ba Wilbroad, chonde," anatelo Regina, "simuloledwa kuyankhila kapena kuthandiza."

Pansi ponse panali zipsela zakuda za moto. Chingwe chamagetsi chonenepa ngati nsato chinakwela khoma kulowela kwa aneba. M'thumba mwa Katongo foni inalila katatu, ndipo katatu konse anaikhazika chete ndi chala, maso ali kumwamba ngati wofela chikhulupililo. Regina anayang'ana zipselazo, anayang'ana chingwe, kenako analemba zimene munthuyo ananena. Tikukwela galimoto, Katongo anamutsinzinila diso mphunzitsi wake, n'kukweza chala chachikulu.

Kuchoka pamenepo tinalunjika ku Kabwata.

Wachiwili anali Pearl, mtsikana amene Wilbroad amamunyadila kuposa onse. Pearl amapanga madesiki a masukulu ndi mafelemu a mawindo, ndipo msoko wake wa moto ndi wosalala ngati wasita. Tinamupeza pakhomo atavala chitenge chakutha, kutsogolo kwake kathebulo, pa kathebulopo matimati anayi. Anayi! Limodzi linali lowola.

"Ndiye bizinesi yanga iyi, ba madamu," anatelo. "Setifiketi nili nayo, koma mashini kulibe."

Regina anafunsa mafunso ake onse, Pearl anayankha mogwetsa nkhope, Regina anadina pa tabuleti paja. Wilbroad anatembenuka n'kumayang'ana khoma. Pamenepo Pearl anandikokela pambali, nkhope ili ngwee.

"Amalume, tachita bwino ka? Tinamvelana tonse pa gulupu ya pa foni. Akaona kuti tivutika, azaonjezela ba ticha mamashini. Zija zinayi zakalamba, zimvetsa chifundo."

Ine ndimaganiza kuti anawa akudzibisila okha, kuthawa msonkho kapena kusaka thandizo. Ayi ndithu. Anthu makumi atatu ndi atatu ananama mogwilizana, mwachikondi, kuti athandize mphunzitsi wawo.

"Iwe mwana," ndinatelo, "mwawapha ba ticha. Mukakamba kuti mulibe nchito, kalasi ivalidwa, a boma aitseka."

Pearl anandiyang'ana. Anayang'ana msana wa Wilbroad. Kenako analowa m'nyumba ngati mphepo, ndipo tinamva bedi likukokedwa. Anatuluka akukwakwaza makina owotchelela, chigoba chotchinga kumaso chili pamutu, m'khwapa muli mtolo wa ndodo zowotchelela. Kathebulo kanagwa, matimati anagubuduka mpaka mu ngalande.

"Ba madamu, nanama! Onani! Nisebenza, nili na oda ya madesiki makumi asanu! Futani, lembani futi!"

Regina anatembenuza tabuleti kuti tonse tione. "Yapita kale, mwana wanga. Nikadina, yankho ipita ku ofesi pamene apo. Anapanga dala telo kuti ise oyendela tisamasinthe mayankho tikapatsidwa ka kanthu."

"Nanga mukalemba kuti ninanama?"

"Nikalemba kuti munasintha mawu pambuyo pokambilana na amalume a ba ticha, azakamba kuti munauzidwa vokamba. Ndiye yaipilatu."

Apo ndinazindikila kuti nanenso ndathila mchenga mu ufa.

Wachitatu anali Chiza wa ku Avondale. Ndinanamizila kukaona tayala, ndikumuimbila mobisa. Foni inali yozima. Titafika, mkazi wake anatiuza monyada kuti bambo anakweza makina pa lole m'mamawa kupita nawo kwa mbale wawo ku Chongwe, ndipo abwela a boma akapita. Anali atakonzeka kuposa onse.

Pobwelela Wilbroad anapempha kuti tidzele ku Kabulonga. Anandiimitsa pa geti lina lakuda, lalitali, la maluwa achitsulo pamwamba. Anatsika, nayendetsa chala pa msoko.

"Iyi ni ya Katongo. Amayambila kumanzele, ndiye chifukwa apa pali kotupa pang'ono. Namukalipila zaka zisanu, samvela." Anawoloka msewu. "Iyi ni ya Pearl. Simungapeze poyambila." Anapita pa lachitatu, pa lachinayi. Mlonda wina anasuzumila pa kabowo n'kufunsa ngati tili ndi apointimenti. Agalu a m'mipandamo anayamba kuuwa motsatizana mpaka kumapeto kwa msewu. Munthu wamkulu, wa jekete la ku tchalitchi, akusisita mageti a eni ake dzuwa lili pamutu.

Regina anatsika nayenso, naima pambali pake.

"Ba Wilbroad, nakhulupilila. Kuchokela pa chingwe chija nakhulupilila. Koma fomu ifunsa munthu, siifunsa geti."

Anati pansi pa fomu pali kabokosi ka ndemanga, kolowa mawu ochepa, ndipo adzalembamo zimene waona. Ndikhulupilila analemba. Ndikhulupililanso kuti kabokosiko kamawelengedwa ndi munthu yemwe uja amawelenga malangizo a m'paketi ya machesi.

Lolemba lotsatila ophunzila onse, atamva kwa Pearl, anakhamukila ku ofesi ku tauni atavala maovolosi, ena atanyamula zigoba zawo, Katongo atavala malaya omukwana. Anadzaza makwelelo kuyambila pansi mpaka nsanjika yachitatu. Bambo wa pa khomo anawalandila bwino, nawauza kuti kuwelenga kwa chaka chino kunatsekedwa Lachisanu, koma asadandaule, adzaimbilidwanso chaka chamawa. Katongo anafunsa kuti kalasi yotsekedwa chaka chino imawelengedwa bwanji chaka chamawa. Bamboyo anati funso limenelo ndi la ofesi ina, ndipo mwini wake ali ku msonkhano.

Kalata inafika mu Ogasiti. Kalasi ya telala ndi ya makompyuta zinapulumuka, ya weludingi ayi. Achinyamata makumi awili amene anali atalembetsa kale anauzidwa kuti asankhe pakati pa singano ndi kubwelela kwawo. Katongo anabwela kudzagwada pakhomo pa Wilbroad, akulila ngati ng'ombe, kupempha kuti ba ticha akakhale woyang'anila pa malo ake. Wilbroad anamudzutsa, namupatsa tiyi, nati aganizapo. Akuganizabe.

Makina anayi aja ndi a boma, ndipo anati adzabwela kudzawatenga galimoto ikapeza mafuta. Loko wa pa chitseko anali wothyoka kalekale, ndipo mkulu wa sukulu anaopa akuba. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa Wilbroad, mwamanyazi, ngati angathe kungowotchelela chitsekocho.

Ndinamupelekeza tsiku limenelo, poti ndinalibe china chomuchitila. Anasesa chipinda chonse. Anapukuta benchi. Anabweleka makina a Pearl, popeza ake onse anayenela kutsala mkati. Ndinayesa kumuseka kuti awotchelele mofooka, mwina mawa a boma asintha maganizo, tidzangokankha ndi phewa.

"Siniziwa kuwotchelela mofooka, amalume," anatelo.

Anatsitsa chigoba kumaso, ine ndinatembenukila kumsika kuthawa kuwala. Atamaliza anagogoda msoko ndi kanyundo kuchotsa makoko, naupukuta ndi dzanja la jekete, napita kukapeleka makiyi a chitseko chimene sichidzafunanso kiyi.