Mnansi Wanga ndi Pulogalamu Yake ya Thonje

Mnansi wanga ku Kalembo amalemba pulogalamu ya pafoni youza alimi tsiku lopopera thonje. Salipidwa, ndipo amatikumbutsa zimenezi tsiku lililonse. Mawu ake ndi amodzi: "Ndi ya tonse."

Pulogalamuyo imawerenga masiku kuyambira tsiku lobzala. Mwini wakeyo sadziwa kuti ife timabzala pouma, mvula isanagwe, ndiye thonje limamera mochedwa. Ndinapopera msanga, mankhwala anatha, mbozi zinafika pambuyo.

Nditadandaula, ananditembenuzira laputopu. "Aphunzitsi, mkati mwa pulogalamuyi ndi motsegula, aliyense angasinthe. Konzani nokha."

"Iyayi. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi, osati ufiti."

"Ndiye dikirani wodzipereka wina."

Mpaka lero sanakonze. Anangolemba dzina langa pamndandanda wa othandiza: "Anapereka munda wonse poyesera pulogalamu."