Mpunga Woimika Timitengo

Chaka changa choyamba ku Coventry, ku England, anandipatsa agogo ena a ku China oti ndiziwasamalira masana kunyumba kwawo ku Hillfields. Anakulira kumudzi, kolima mpunga, ndipo Chingelezi sankachidziwa ngakhale cha moni. Mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito ku Birmingham, anandiuza mosabisa kuti chimwalirire bambo ake, amayiwo anasiya kudya. Akapitiriza kuwonda, mwezi ukatha awapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Agogowo ankakuopa kumeneko kuposa manda.

Zakudya za m'mapaketi zongotenthetsa zimene ndinkawapatsa ankangozikankha. Sindinawaone kulakwa, chifukwa ngakhale galu wa kwathu ku Dowa akanayamba wanunkhiza kawiri. Tsiku lachinayi anandikoka mkono mpaka kukhitchini, n'kuloza mpunga ndi poto. Nditachulutsa madzi, kambama padzanja. Ndinapsa mtima. Ine mayi wa ana atatu, wina azindiphunzitsa kuphika mpunga? Koma ndinangomezera. Tinakazinga mazira ndi tomato, kenako mpiru wowawasa wa m'botolo, wothira jinja ndi adyo.

Anapakula mbale ziwiri. Imodzi anaiika patsogolo pa mpando wa kuzenera, n'kuzika timitengo tiwiri todyera mumpungamo, chilili. Kwathu mbale yachiwiri ndi ya mlendo, ndipo kukana chakudya ndi mwano. Ndinakhala pampandopo, kuzula timitengo tija, kutenga supuni, n'kuyamba kudya.

Agogo anayamba kuyankhula chinenero chawo motsitsa mawu. Sankayang'ana nkhope yanga ayi, koma pamwamba pang'ono pa mutu wanga, ngati pampandopo pakhala munthu wamtali kuposa ine. Anatapa dzira n'kundiikira m'mbale. Atatero anadya yawo yonse, osasiya ndi kambewu komwe.

Zinapitirira choncho mpaka Loweruka lina mwana wawo anatipeza tili pakudya. Anaima pakhomo osavula jekete, kenako anandikodola kuti tikayankhulane panja.

"Achemwali, mbale imeneyo ndi ya malemu abambo," anatero. "Mpandowo ndi wawonso. Kwathu timitengo timaimika choncho mumpunga wa akufa basi."

Ndinafunsa kuti nanga akamandiyankhula muja amati chiyani.

"Amati, mwachedwa bwanji, bambo? Idyani usanazizire." Anayang'ana pansi. "Chonde musasiye. Ayamba kudya."

Ine ndine mayi wopemphera, wa kwaya, ndipo ndinene zoona, ndinkaopa. Kudya chakudya cha munthu wakufa, pampando pake, mkazi wake akukumwetulira pamwamba pa mutu. Mpandowo unkazizira ngakhale hita itayaka m'mawa wonse. Ndikakhalapo ndinkayamba ndapemphera chamumtima. Koma mwezi unatha agogo osasamutsidwa, masaya anabwerera, ndipo ndinadya mpunga wa malemuwo miyezi isanu. Kutchalitchi sindinauze munthu.

Lolemba lina dzuwa likuwala bwinobwino ndinawapeza ataphika kale okha, atavala bulauzi yomwe ndinali ndisanaionepo. Mpando wawo anali atausendeza kufupi ndi wa kuzenera uja. Anazika timitengo m'mbale ya malemu monga mwa masiku onse. Kenako anatenga tawo, n'kutizika m'mbale mwawo, chilili.

Ndinatizula msanga. "Ayi agogo, inu idyani," ndinatero m'Chichewa. Anandimenya kambama padzanja, kofewa kusiyana ndi koyamba kaja, n'kutibwezeramo.

Ndinkati ndikhale pampando wa kuzenera, koma anatchinga ndi mkono, maso ali pamwamba pa mpandowo, akumwetulira. Ndinaima pomwepo ndi supuni yanga mpaka mbale zonse ziwiri zinasiya kufuka nthunzi.

Anamwalira Lachisanu la sabata yomweyo, pabedi pawo, m'nyumba mwawo.