Chifuwa Chimene Ndinasungira 6 Julayi

Chinayamba ndi kusasa mawu, sabata yachiwiri ya mwezi wa Meyi chaka chatha. Tinali tikusankha fodya m'chigafa, ndiye ndinangoti ndi fumbi. Kwathu kuno kwa Dzoole, nyengo imeneyo aliyense amatsokomola, ndipo wotsokomola sadabwitsa munthu. Ndinkamwa madzi otentha a mandimu n'kubwerera ku ntchito.

Kwa munthu wina kusasa mawu ndi nkhani yaing'ono, koma kwa ine ayi. Chaka chilichonse pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, midzi ya kuno imasonkhana pabwalo la sukulu kudzaonera mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, ndipo wogwira chimkuzamawu ndinali ine. Mpira usanayambe ndinkakwera pangolo n'kutchula zonse zimene zinachitika pa tsikuli. Ndinkayamba ndi 1964, pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, kenaka 1966, pamene linakhala lipabuliki. Ndikatero ndinkabwera kwathu: kuti pa 6 Julayi atsikana athu anagonjetsa a kwa Msakambewa koyamba, pa 6 Julayi chaka china mtanda wa golo unagwera goloboyi mpira uli m'kati, pa 6 Julayi amuna anga, bambo a Tadala, anaphonya penate anthu onse akuona. Apa anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, eni ake atazolika. Sindibisa, ndinkanyada nazo kwambiri.

Pofika kumayambiriro kwa Juni chifuwa chinali chitakhazikika. Ndinkadzuka m'mawa chitenje chili chonyowa ndi thukuta, chonsecho kunja kukuzizira koopsa. Chakudya sichinkandikomera. Siketi yanga ya kutchalitchi inayamba kutsika yokha, mpaka ndinaigwira ndi pini. Bambo a Tadala anandiuza kawiri kuti tipite kuchipatala, ndipo kawiri konse ndinayankha kuti ndipita ikadutsa 6 Julayi. Ndinkaopa kuti akandigoneka, ndipo chimkuzamawu chidzapita kwa mlamu wanga Nachisale, mlongo wa amuna anga, amene ndinkamuganizira kuti amachisirira. Chifukwa chake chinali chimenecho basi. Ndi chopusa, koma ndi choona.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka kuposa zonse. Kuzizira kwa kumapiri kuno kukafika, timatseka mawindo ndi masaka. Mwana wanga Tadala, wa zaka zinayi, ndinkagona naye m'bulangeti limodzi, nkhope yake ili pachifuwa panga. Ndinkati ndikumuteteza ku mphepo. Chakumapeto kwa Juni anayamba kukana phala, thupi n'kumatentha madzulo, kusewera n'kusiya. Ndinamugulira mankhwala a m'golosale, ndikuti naye ndimutengera limodzi kuchipatala tsiku lija likadutsa.

Tsikulo linafika ndi mphepo yamwera. Ndinakwera pangolo cha m'ma 10 koloko, bwalo litadzaza. Ndinatchula 1964 ndi mawu onga a bakha, anthu n'kumayesa ndikuchita dala. Nditafika pa 1966 mawu anaduka. Ndinatsokomolera m'chitenje, ndipo nditayang'ana ndinaona magazi. Amene anandilanda chimkuzamawu n'kuchiika pansi, nandigwira kuti ndisagwe, anali Nachisale yemwe uja.

Bambo a Tadala ananditengera kuchipatala chaching'ono cha kwathu pa njinga yamoto. Popeza linali tsiku la tchuthi, tinapeza namwino mmodzi yekha. Anandipatsa kabotolo koti ndiikemo makhololo, ndipo patatha masiku awiri zotsatira zinatuluka: chifuwa chachikulu. Namwinoyo anandikweza pasikelo, nalemba pakadi, kenaka anafunsa kuti ndakhala ndikutsokomola nthawi yaitali bwanji. Ndinamuonetsa zala ziwiri, amuna anga n'kumasulira kuti miyezi.

“Kunyumba kuli mwana wosakwana zaka zisanu?” anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

“Mubwere naye mawa lomwe. Mukanabwera mu Meyi, mayi, mwina tikanangomupatsa mankhwala oteteza.”

Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa.

M'mawa mwake atangomumvetsera Tadala pachifuwa, anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha ku boma. Kumeneko tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuti amujambule pachifuwa. Mwanayo anali pamiyendo pa bambo ake, akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati. Dokotala ataona chithunzicho anati chifuwa chomwe chija chamugwira, ndipo mapapo ake afooka. Anamugoneka tsiku lomwelo n'kumuika timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Za ine anati matendawo afika pakholingo, choncho ndisamakakamize kulankhula. Anatinso ndisalowe m'wodi ya ana kwa masabata awiri, kufikira mankhwala atayamba kugwira ntchito, poopa kuti ndingapatsire ana a eni ake. Panafunika munthu wina wodikirira Tadala. Amuna anga anayenera kubwerera kumudzi kukaona ana ena awiri, amenenso anafunika kukayezedwa. Nachisale anafika ndi mphasa ndi mapoto, osafunsa chilichonse.

Ine ndinkagona kukhonde la odikirira odwala, kumapeto kwenikweni kodutsa mphepo, nditavala kansalu kotseka pakamwa. M'mawa uliwonse ndinkamwa mapiritsi anga ndisanadye kanthu, namwino n'kuchonga pakadi. Odikirira odwala akamaliza kusesa, cha m'ma 9 koloko madokotala ankayendera wodi. Nthawi imeneyo ndinkapita kuseri, pa windo loyang'anana ndi bedi la Tadala, n'kuima pa njerwa ziwiri kuti ndione m'kati. Nachisale akatuluka kukaphika ankandiuza zimene anena madokotala, ndipo ine ndinkayankha ndi manja.

Tsiku lachinayi ndi lachisanu Tadala ali m'wodi anali masiku oipa kwambiri. Thupi la mwanayo linkatentha osatsika, ndipo chilichonse chimene wamwa ankasanza. Bedi loyandikana ndi lake linayalulidwa masana, mayi wa mwana amene ankagonapo akutuluka akulira, ndipo ine ndinaona zonse ndili pa njerwa zanga. Dokotala anatuluka yekha kudzandipeza. “Tikuyesetsa, mayi. Tione masiku atatu akubwerawa,” anatero.

Tsiku lachisanulo Tadala anatsegula maso n'kundiona pa windo. Anatambasula dzanja, milomo yake n'kuyamba kuitana kuti amayi, amayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, koma panangotuluka mpweya. Ine amene mawu anga ankamveka kutsidya kwa dambo popanda ngakhale chimkuzamawu, ndinalephera kuuza mwana wanga ali pafupi chonchi kuti ndili pompano. Ndinagogoda galasi ndi chala mpaka mlonda anabwera kudzandiletsa. Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira, ndipo ngakhale kulirako kunalibe mawu. Ndinapempha Mulungu kuti ngati pakufunika kupita munthu, ndipite ndine, chifukwa wolakwa ndinali ine. Ndinadzida kwambiri tsiku limenelo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu kutentha kunatsika. Tsiku lotsatira anamuchotsa timapaipi tija, ndipo Nachisale anabwera pa windo atanyamula mbale, akundionetsa zala zitatu: mwana wadya masupuni atatu a phala. Lolemba lililonse ankamukweza pasikelo, ndipo pang'ono ndi pang'ono sikelo inayamba kukwera. Masabata awiri atakwana anandilola kulowa. Ndinamunyamula, ndipo anali wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Patatha sabata ina anatitulutsa.

Mankhwala tinamwa tonse awiri kwa miyezi isanu ndi umodzi, tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Mkodzo unkafiira, ndipo mwezi woyamba ndinkachita nseru, koma namwino anali atatichenjeza kale kuti tisasiye. Bambo a Tadala ndiwo ankaima pamutu pathu m'mawa uliwonse mpaka tameza. Iwo ndi ana ena aja anayezedwa, ndipo anapezeka opanda matendawa. Masaka a m'mawindo ndinachotsa ndekha. Mu Januwale ndinayezetsanso makhololo, ndipo anatiuza kuti tonse tachira.

Lero ndili bwino. Thupi labwerera, ndimalima ndi kutunga madzi ngati kale. Mawu anabwerera, koma ndi otsika, ndipo ndikalankhula nthawi yaitali amasasa. Tadala amathamanga ndi anzake, ngakhale kuti akatsokomola kamodzi kokha mtima wanga umaima.

Choncho ndikupempheni, abale anga. Chifuwa chikatha masabata awiri, thukuta likamabwera pogona, thupi likamatsika, pitani kuchipatala. Musadikire kuti mumalize kusankha fodya, musadikire ukwati, chinamwali kapena mpira. Matendawa amachizika, koma sakhala mwa inu nokha. Amapita kwa amene mumamufungatira.

Chaka chino pa 6 Julayi pangolo panakwera Nachisale. Ndinali nditamupempha kuti awonjezere chinthu chimodzi pa mndandanda uja, ndipo poyamba anakana. Anatchula 1964, anatchula 1966, atsikana athu, mtanda wa golo, penate ya mchimwene wake, anthu n'kuseka monga mwa nthawi zonse. Kenaka anati, “Pa 6 Julayi chaka chatha, mayi a Tadala anatsokomola magazi pangolo ino, atasunga chifuwa miyezi iwiri, ndipo mwana wawo anatsala pang'ono kufa.”

Palibe anaseka. Ine ndinali pansi pakati pa amayi anzanga, Tadala ali pamiyendo panga akutafuna nzimbe, dzanja langa lili pamsana pake kumvetsera mmene akupumira.