Makadi Obooledwa a Mayi a M'chipinda Chakumapeto

Mpaka lero ndikaona nyenyezi zapepala zolendewera pa Khrisimasi, mtima umandinyamuka.

Ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Braunstone, kudziko la azungu. Digiri yanga ya masamu inkagona m'sutikesi ku Highfields kumene ndinkakhala, ine ndikusambitsa ndi kudyetsa anthu. M'chipinda chakumapeto munkakhala mayi ena achizungu, okalamba zedi, amene mutu unali utayamba kuwasokonekera. Ankaiwala kuti adya kale, koma bokosi lawo la pansi pa bedi sankaliiwala.

Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandionetsa. Munali makadi olimba ambirimbiri, onse obooledwa timabowo. Ali mtsikana, makompyuta akadali odzaza chipinda chonse, ankalemba mapulogalamu owerengera mmene kutentha kumayendera m'chitsulo. Khadi lililonse linali mzere umodzi wa pulogalamu, ndipo ukasokoneza ndondomeko yake makina sankamva kanthu. N'chifukwa chake akamaliza ankapanikiza makadi onse pamodzi, n'kujambula mzere wopingasa wa inki pamwamba pake, kuchoka ngodya ina kukafika ina. Bokosi likagwa, unkatola n'kusanja mpaka mzerewo uwongoke.

Njira yawo yowerengerayo ine ndinaiphunzira pabolodi ku Malawi, osadziwa kuti ndidzasambitsa mmodzi mwa anthu amene anaikhetsera thukuta. Tikayamba kukambirana za masamu, tiyi ankazizira.

Khrisimasi itayandikira ndinapuma masiku atatu. Pobwerera ndinapeza chipinda chochezera chili mbwee nyenyezi zomangidwa pa ulusi. Nditayandikira ndinaona timabowo tija.

Mnzanga wa ku Zambia, amene tinkagwira naye shifiti imodzi, anandikokera pambali.

"Sisi, musashaute," anatero. "Ni manager anakamba ati tiklinye ma room. Anapeza bokosi, ati ni rubbish, bola tipangire ma decoration. Amayi baja banalila maningi, koma banangolemba ati ni agitated."

Ndinalowa muofesi ya bwanayo osagogoda.

"Munawafunsa eni ake?"

"Ndi mapepala akale chabe," anandiyankha, maso ali pakompyuta. "Ndiponso sakumbukira ngakhale dzina la mwana wawo."

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Munthu woti sangakonze ndandanda ya mashifiti popanda kompyuta, n'kumadula ndi sizasi ntchito ya amene anaphunzitsa kompyutayo kuwerengera! Galu wamkota sakandira pachabe, koma pamalo paja nkhalamba ikalira ankangoilemba m'buku kuti yavuta. Ndinamuuza zonsezi osameza mawu. Iye anangoti ndichepetse liwu, alendo akumva.

Makadi otsala ndinawapeza m'kabati yosungira zoseweretsa, atawakhuthulira m'jumbo limodzi ndi guluu. Ndinawapukuta n'kupita nawo kwa mayi aja.

Anawayala pathebulo n'kuyamba kusanja, akuyang'ana kadontho ka inki m'mphepete mwa khadi lililonse. Manja amene ankalephera kufikitsa supuni pakamwa sananjenjemere ngakhale pang'ono. Anagwira ntchitoyo masana onse, ine ndikulowa ndi kutuluka. Pomaliza anapanikiza makadiwo. Mzere uja unaoneka, koma woduka apa ndi apo ngati mano aguluka.

Anayendetsa chala pamwamba pake kawiri.

"Siyenda pulogalamu iyi," anatero. "Ena akusowa." Kenako anandigwira mkono, akunong'ona ngati mwana wasukulu. "Ndagwetsa ndine. Nthawi zonse ndinkasamala, koma ndagwetsa. Usauze munthu."

Ndinawauza kuti si iwo, ndinabwereza katatu, koma sanandimve. Anabwezera makadiwo m'bokosi lija n'kulitseka, ndipo sindinawaonenso akulitsegula.

Nyenyezi zija zinalendewera mpaka Januwale. Tsiku lililonse popita kukadya ndinkawadutsitsa pansi pake pa njinga yawo ya olumala, ndipo tsiku lina anakweza maso n'kunena kuti n'zokongola.